Ndinafufuta Pensulo Yako

Benga,
Loweruka masana

Linesi mwana wanga,

Ndakhala ndekha mu ofesi ya aphunzitsi. Iwe uli kwa anaPhiri, oyandikana nafe nyumba kuseri kwa mpanda wa sukulu, ukulukitsa tsitsi, ndiye ndili ndi maola awiri, mwina atatu ngati ayamba nkhani za mpongozi wawo. Kalatayi ndaiyamba katatu. Mapepala awiri ndang'amba chifukwa ndimalemba ngati ndikulankhula pa asembule. Ndaimirira, ndakhala, ndakatseka zenera, ndakalitsegulanso. Ukundidziwa, kukhala pansi sindikutha.

Mawa ukwera basi ya ku Zomba kukayamba yunivesite. Ndisanakupatse langizo lililonse, imva ichi poyamba, chifukwa ndikachisiya kumapeto ndichibisanso. Maphunziro amene ukupita kukachitawa si amene unasankha. A yunivesite sanakukane ku zaulimi. Masamu ako sanachepe. Ndine ndinasintha fomu yako.

Usang'ambe pepalali. Werenga mpaka kumapeto, kuti ukwiye uli ndi nkhani yonse m'manja.

Ine ndine mng'ono wa mayi ako, ndipo iwe ndi ine tinasiyana zaka zisanu ndi zinayi zokha. Koma kuchokera tsiku limene tinaika achemwali anga m'manda, iwe uli Sitandade 8, wakhala ukunditchula kuti amayi, ndipo sunalakwitsepo n'kamodzi komwe. Dzina limenelo ndinalilandira ndisanadziwe kulemera kwake. Malangizo amene ndili nawo ndi ochepa, ndipo onse ndinawatola pamene ndinagwa. Ndikuuza malo amene ndinagwerawo, limodzi ndi limodzi.

Kugwa koyamba kunali pa fomu yanga yomwe. Ndili Fomu 4, ntchito zimene ndinali nditaziona ndi maso anga zinali zitatu: uphunzitsi, unamwino, ndi ukalaliki wa pa sikelo yogulira mpunga. Basi. Atatipatsa fomu yosankhira maphunziro, ndinayang'ana mayina aja ngati mndandanda wa mankhwala. Ndinasankha dzina lalitali kuposa onse, poganiza kuti ntchito yake ikhalanso yaikulu. Palibe amene ndinamufunsa, ndipo palibe amene akadandiyankha, chifukwa masiku amenewo mafunso ambiri ankakuika m'mavuto. Anandiponya ku uphunzitsi. Chaka chachiwiri ndi pamene ndinamva kuti kuli njira yopitira ku zamalamulo, anzanga atadutsa kale. Ndinalira m'bafa, madzi ali otsegula kuti asandimve. Ndiye langizo loyamba ndi ili: usasankhe ntchito imene sunaone munthu akuigwira. Osati kumva dzina lake, osati kuona galimoto ya mwini wake. Ukaone manja ake Lolemba m'mawa. Ukamufunse chimene chimamutopetsa. Funsa, Linesi. Funsa mpaka akutope nawe.

Kugwa kwachiwiri unakuona wekha, koma sunadziwe kuti ndagwa. Ukukumbukira tsiku lofotokozera ana za ntchito lija, uli Fomu 3? Ndinabwera pasukulu pano ndi digiri yanga yatsopano, matipate atangoyamba, mutu uli moto. Ndinkafuna kuti ana a ku Benga aone kuti dziko lasintha, kuti zitseko zatseguka. Ndinayambitsa kalabu yothandiza ana kuganizira ntchito zam'tsogolo, ndipo ndinauza ahedi, a Mbewe, kuti tiitane anthu a ntchito zosiyanasiyana adzalankhule. Iwo anati, "Madamu, kodi sitingadikire temu yamawa, tikonzekere bwino?" Ine ndinati, "Bwana, dziko lino ladikira zaka makumi atatu. Ine sindidikiranso." Ndinalemba makalata asanu ndi awiri, onse opita kwa anthu ovala tayi. Wa kubanki anatumiza mawu opepesa. Loya wa ku Lilongwe anati abwera ndithu. Amene anafika anali bambo mmodzi wa ku ofesi ina ku boma, amene anawerenga mapepala asanu m'Chingerezi, kuthokoza aliyense kuyambira kumwamba mpaka kwa ophika tiyi. Anyamata a kumbuyo anagona. Kenako jenereta yobwereka inazima, chimkuzamawu n'kukhala chete.

Tikudikira loya uja, ahedi anaona a Twaibu atakhala kumbuyo, pa benchi ya makolo, matope a kusikimu ya mpunga asanaume kumapazi. Anati, "A Twaibu, tabwerani mutisungire nthawi. Auzeni anawa zimene mumachita." Ine ndinachita manyazi. Munthu wotsegula ndi kutseka madzi m'ngalande, pa tsiku langa la ntchito! Iwo sanapite n'kutebulo komwe. Anatola kamtengo, n'kujambula pansi mzere umodzi wautali ndi timabokosi m'mbali mwake.

"Iyi ndi ngalande, iyi ndi minda," anatero. "Aliyense akuti ndiyambe ndine. Wa kumutu amamwetsa mpunga wake mpaka kukhuta, wa kumchira amalira chaka ndi chaka. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4, madziwa ndimagawa ndi maso. Wallahi, ndikadakhala ndi masamu amene mukugona nawo m'kalasimo, bwenzi anthu asakunditukwana pa msika."

Ana anaseka, ogona aja anadzuka. Iwe unakweza dzanja, iwe amene sunkalankhula pagulu. Unati, "Nanga mumadziwa bwanji kuti madzi olowa m'munda woyamba ndi ofanana ndi a m'munda womaliza?"

Iwo anati, "Mama, funso limenelo ndagona nalo zaka zambiri. Mubwere Loweruka mudzandiyankhe."

Ukudziwa kumene kunali maso anga nthawi yonseyo? Kumsewu, kudikira fumbi la galimoto ya loya. Sanabwere. Ndinalemba mu lipoti kuti tsikulo silinayende bwino. Mwana wanga, tsikulo linayenda bwino kuposa china chilichonse chimene ndachita pasukulu pano, koma ine ndinali nditayang'ana kwina. Langizo lachiwiri: amene angakuphunzitse ntchito nthawi zambiri sakhala patebulo lapamwamba. Kumene ukupitako kuli mapulofesa, uwamvere. Koma ukafunsenso wosamalira zipangizo m'chipinda cha sayansi, ndi mayi wa pa taipi amene wakhala mu ofesi zaka zambiri. Amenewo ndi amene amadziwa chitseko chimene chimatsegukadi.

Kugwa kwachitatu kunali pa kope lako lobiriwira. Loweruka lililonse unkapalasa njinga kupita kusikimu, n'kubwera siketi ili matope, uli ndi nsungwi ija unaichekacheka mizere yoyezera kuya kwa madzi. Unkaponya tsamba m'ngalande n'kuwerenga nthawi pa wotchi yanga yakale, kenako n'kulemba manambala. Palibe anakutuma. Palibe mayeso amene ankafunsa zimenezo. Tsiku lina ndinakupeza ukuwerengera pakhonde, buku la mbiri yakale lili pansi, ndipo ndinati, "Kodi ndikukuphunzitsa kuti ukakhale m'matope ngati mayi ako?" Unangotseka kope lija n'kulowa m'nyumba.

Mawu amenewo ndikadatha kuwameza ndikadawameza. Munda wa mayi ako unali wa kumchira kwa ngalande. Chaka cha chilala chija mpunga wawo unauma utayamba kale kubereka, iwe ukuona. Anapita kukagwira ganyu m'minda ya chinangwa ali ndi chifuwa chija, ndipo sanadzukenso bwino. Ine ndinali ku koleji, ndinangomva m'makalata. Iwe unali pomwepo, unkanyamula ndowa kuthirira mpunga umene unali utafa kale. Ine pa imfa imeneyo ndinaphunzirapo kuthawa matope. Iwe unaphunzirapo kuti madzi aja akadagawidwa bwino. Ndani mwa ife awiri anaganiza ngati munthu wophunzira? Langizo lachitatu: uziyang'anitsitsa chimene umachita popanda wokutuma. Ntchito yako ili pafupi ndi pamenepo. Munthu akachinyoza, ngakhale akhale amene amakudyetsa, usatseke kope.

Tsopano kugwa kwakukulu. Mwambo wa pasukulu pano ukuudziwa. Mafomu a ku yunivesite akabwera, ana mumalemba zosankha zanu ndi pensulo, n'kusaina pansi ndi inki. Mphunzitsi wa kalasi amatenga mafomu onse, amakonza zolakwika, n'kupondereza ndi inki pamwamba pa pensulo paja. Ahedi amadinda, onse amalowa mu envelopu imodzi, basi. Anauyamba mwambowu ndi cholinga chabwino, chifukwa fomu imabwera imodzi pa mwana, ndipo ikadetsedwa palibe ina. Mphunzitsi wa Fomu 4 chaka chatha ndinali ine.

Ndinakhala pa tebulo lomwe lino, dzuwa likuswa mtengo ngati lero. Mafomu a anzako ndinawapondereza mokhulupirika, chilembo ndi chilembo. Nditafika pa yako ndinapeza pa mzere woyamba utalemba zaulimi, ku koleji ya kufupi ndi Lilongwe ija, kumene amaphunzitsa za ulimi wothirira. Unalemba mopondereza mpaka pensulo inaboola pang'ono. Pansi unali utasaina kale, chifukwa unkandikhulupirira.

Ndinatenga labala. Sindinganame kuti dzanja linanjenjemera. Silinanjenjemere. Ndinafufuta bwinobwino, ndinauzira nyenyeswa zake, n'kulemba ndi inki maphunziro amene amatsegula njira ya ku zamalamulo. Zaulimi ndinazitsitsa pa mzere wachitatu, kuti mtima wanga uziti sindinazichotse. Ndinkadziuza kuti ndikukupulumutsa. Masiku amenewo wailesi ikatsegulidwa, olankhula anali maloya: za malamulo atsopano a dziko, za ufulu, za anthu otuluka m'ndende. Ndinkakuona utavala mkanjo wakuda, mtsikana wa ku Benga, amuna akuimirira iwe ukalowa. Ndinkati uli mwana, udzandithokoza. Zoona zake n'zakuti ndinalemba pa fomu yako moyo umene ndinauphonya ine.

Langizo lachinayi, ndipo ili ukaiwala ena onse usaliiwale: usasaine pepala limene wina adzalembapo iwe utachoka. Ngakhale akhale mphunzitsi. Ngakhale akhale mwamuna amene adzakukonde. Ngakhale ndikhale ine. Cholembera chako uzigwira wekha mpaka envelopu itamatidwa.

Mayina atatuluka m'nyuzipepala, ahedi anabwera nayo akuthamanga, munthu wamkulu uja. Amayi a m'mudzi analuluta, azakhali ako a kwa Malenga Chanzi anatumiza nkhuku. Ine ndinavina kuposa onse. Iwe unayang'ana dzina lako, unatsata ndi chala mpaka pa maphunziro amene anakuika, n'kunena motsitsa, "Basi, ndiye kuti masamu anga sanawakwanire." Unamwetulira kuti anthu asadandaule. Ndinamva mawu amenewo, ndipo ndinapitiriza kuvina.

Ndinkayembekeza kuti uiwala. Milungu inapita, ndinakusokera madiresi awiri, ndinakugulira sutikesi. Iwe unkathokoza chilichonse mwaulemu ngati mlendo. Kusikimu unasiya kupita. Nsungwi ija ndinaipeza ku khitchini, anaPhiri akusonkhezera nayo moto. Ndiye Lachiwiri lapitali ndinafuna wotchi yanga yakale m'chipinda mwako, ndipo ndinaona kuti kope lobiriwira palibe. Nditakufunsa unati, "Ndinawapatsa a Twaibu. Mwina adzapeza wina wodziwa masamu." Linesi, ndakhala ndikuuza ana a eni ake kwa zaka zitatu kuti adzikhulupirire. Wanga yemwe ndamuphunzitsa kuti ndi mbuli pa chinthu chimene amachidziwa kuposa aliyense m'boma lino.

Lachitatu m'mawa ndinalowa mu ofesi ya ahedi n'kuwauza zonse. A Mbewe ndakhala ndikuwanena kuti ndi akale, ochedwa, oopa chilichonse chatsopano. Unandimvapo ndikuwatchula kuti fulu. Anandimvetsera osandidula, anavula magalasi, n'kunena kuti, "Madamu, zaka zonse zija tinali ndi anthu otisankhira, otiuza kuti akudziwa chotikomera. Inu munaima pa mzere padzuwa kuvota kuti zimenezo zithe. Ndiye mwakaziyambitsanso m'nyumba mwanu?"



Andilanda mafomu, ndipo kalabu ya ntchito aipereka kwa mphunzitsi wina. Kalata yondichitira umboni pa ntchito ya ku Lilongwe ija, imene ndakhala ndikuiwerengera masiku, ati chaka chino salemba. Ukudziwa mmene ndimafunira kuchoka pano, mmene ndimayang'anira basi iliyonse yodutsa pa msewu. Zandiwawa, sindibisa. Koma sindikukuuza kuti undimvere chisoni. Ndikukuuza kuti udziwe kuti nkhaniyi yatuluka kale, ndipo palibe chimene ungateteze pokhala chete. Chinanso asintha: kuyambira chaka chino mwana aliyense azipondereza yekha fomu yake ndi inki, mphunzitsi ataima pambali manja ali kumbuyo. Kusintha kumene ndinkakufuula tsiku ndi tsiku kwabwera pasukulu pano, koma kwabwera chifukwa cha kulakwa kwanga.

Kuchoka apo ndinapalasa njinga kupita kusikimu. A Twaibu ndinawapeza akuchotsa zinyalala pa chitseko cha ngalande. Sanadabwe. Analowa m'kanyumba kawo n'kutulutsa kope lija atalikulunga m'pepala la pulasitiki. Anati, "Aphunzitsi, ine manambalawa sindiwerenga. Koma mwanayu anandiuza kuti ndizitsegulira a kumchira usiku, a kumutu masana, ndiponso kuti ndichepetse pakamwa pa minda itatu yoyamba. Chaka chino a kumchira apuntha mpunga. Amene anamuuza kuti sadziwa masamu ndani?" Ndinati ndine. Anati, "Ndiye mukamuuzenso nokha. Ine ntchito yanga ndi madzi."

Tsono tamvera bwino zimene zili mu envelopu yaikuluyi. Muli kope lako. Mulinso kalata yachiwiri, yopita kwa mlembi wamkulu wa yunivesite. M'menemo ndafotokoza zimene ndinachita, dzina langa lonse lili pansi, ahedi asaina ndi kudinda. Ndamva kuti m'milungu yoyambirira amamvera madandaulo a ofuna kusintha maphunziro. Sindikulonjeza kuti akuvomera. Akhoza kunena kuti malo adzaza. Akhoza kukuuza kuti udikire chaka. Akhoza kukutumiza ku ofesi ina, ya ku ofesi inayo n'kukubwezanso koyamba. Ukatopa usabwerere ku hositelo kukalira m'bafa ngati ine. Ukafunse dzina la munthu amene wakuyankhayo, ulilembe, ubwerenso mawa lake m'mawa asanatsegule. Uzivala bwino, uzipereka moni, koma usachoke pa benchi. Ukauzidwa kuti udikire chaka, nyumba yathu ilipo, ngalande ilipo, ndipo chaka chimodzi si moyo wonse. Taona, ndi ine amene ndikulemba kuti kudikira n'kotheka.

Koma usathamange ngati mayi ako aang'ono. Usasankhe zaulimi pofuna kundilanga, ndipo usakhale ku zamalamulo pofuna kunditonthoza. Zonse ziwirizo ndikhala ndakusankhiranso ine. Ukafika ku Zomba, m'mawa umodzi ukakhale kumbuyo m'bwalo la milandu, khomo lake ndi lotsegukira aliyense. Ukaone mmene ntchitoyo imagwiridwira pa mlandu wa mbuzi kapena wa malire a munda, osati za pa wailesi. Mwina uikonda, ndani akudziwa, milandu ya madzi ilikonso. Ukafunefunenso wina amene anaphunzira za ulimi wothirira, umufunse kumene amagona akakhala ku ntchito, amene amamulamula, ndi chimene akadachita mwina akadayambiranso. Ukaone, ukafunse, kenako usankhe. Si zimene ndinkalemba pa bolodi ku kalabu ija Lachisanu lililonse? Mawuwo anali abwino. Wolemba wake ndi amene sanawatsate.

Zina ndi zazing'ono, koma ndine mayi, ndizinena. Kumeneko kumazizira, juzi ija usaisiye ngakhale ukuti ndi yachikale. Kukakhala zionetsero, uyambe wafunsa chimene akuguba, usangotsatira ng'oma. Anyamata a chaka chachinayi adzakuuza kuti akudziwa zonse za pa koleji. Ukafunse mtsikana wa chaka chachiwiri. Pa tchuthi usadzangokhala pakhonde kunyumba, udzapeze malo ogwirako ntchito ngakhale osalipidwa, udzaone ngati ukuikondabe ikakhala ya tsiku ndi tsiku. Ndipo uzilembera ana a kalabu ija. Si yanganso, koma ana ndi omwewo. Uziwauza mayina a maphunziro ndi tanthauzo lake m'Chichewa chomveka, kuti pasadzapezeke wina wosankha dzina chifukwa cha kutalika kwake.

Ndinaganiza zoika kalatayi pansi pa sutikesi, m'kati mwa bulangete, kuti ukaipeze uli kutali, ine ndisaone nkhope yako. Ndazindikira kuti kumeneko ndi kukusankhiranso: nthawi yodziwira, ndi malo okwiyira. Ndiye ukangobwera kwa anaPhiri ndikupatsa m'manja. Ndikhala pakhonde ukuwerenga. Ukafuna kundikalipira, ndilipo, ndipo sindiyankha. Ukafuna kuti mawa ndisakuperekeze ku siteji, unene, sutikesi adzakunyamulira ndi anaPhiri. Ukaona kuti dzina lija la amayi landikulira, ulisunge mpaka pamene udzaone kuti landikwana. Sindikupempha kuti undikhululukire lero. Kufulumira n'kumene kwandifikitsa pano.

Ndikumva mawu ako kumpanda, ukuseka ndi ana a anaPhiri. Atha msanga lero. Ndatsala ndi chinthu chimodzi.

M'kalata ya kwa mlembi wamkulu ija muli mzere umene ukuti, mwanayu akupempha kuti aikidwe ku maphunziro a. Pamenepo ndasiya popanda kanthu. Ahedi anandifunsa ngati ndaiwala. Sindinaiwale. Cholembera cha inki chili mu envelopu momwemo, chatsopano, sindinalembepo n'kamodzi komwe.

Ndine mng'ono wa mayi ako, amene wakhala ukumutchula amayi,
Edina